Miyezi 14 ndi Novec 1230 m'chipinda chathu cha maseva

Masilinda awiri ofiira a Novec 1230, mankhwala ozimitsira moto, sanatulutsepo mpweya chiwaikireni, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Choncho za kuzima kwa moto sindikamba. Ndikamba zokhala nawo tsiku ndi tsiku.

Tinasankha Novec 1230 chifukwa madzi ndi maseva (makompyuta akuluakulu osunga deta) sizionana, ndiponso abwana ankangotchula za moto umene unapsereza nyumba ya maseva ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, mu Malichi 2021. Mankhwalawa amakhala amadzimadzi m'silinda, akatuluka n'kusanduka mpweya m'masekondi osapitirira 10, osasiya chinyontho pa makina. Mwezi uliwonse ndimasuzumira geji: kamuvi kakadali pobiriwira. Mbali imeneyo palibe chodandaula.

Chinandidzidzimutsa ndi khoma. Mpweyawu umayenera kukhala m'chipinda mphindi 10 kuti moto usayambirenso, ndiye chipinda chisamadonthe. Mwezi wachisanu ndi chitatu anyamata okoka faiba (nthambo za intaneti) anabowola khoma kuseri kwa raki, shelefu ya maseva, bowo loti chibakera n'kulowa, n'kutsekapo ndi nyuzipepala. Ine osadziwa. Atabwera oyeza, anamangirira chifani pachitseko n'kupopa mpweya, chipinda chinalephera mayeso. Tangoganizani, miyezi itatu yathunthu tinkagona tulo tofa nato pamene mpweya wa ndalama zankhaninkhani ukanangothawira m'kolido. Tinamata ndi phala losagwira moto, ndipo pano aliyense wolowa ndi chobowolera amayamba wandipeza kaye.

Timapaipi tonunkhiza utsi timagwira ntchito, mwinanso mopitirira. Fumbi la mu Okutobala linadzaza sefa, alamu n'kulira 2 koloko usiku. Mlonda anandiimbira mawu akunjenjemera: "Achimwene, kwanu kuja kukulira!" Mwayi wake mpweya sutuluka pokhapokha zida ziwiri zitagwirizana kuti utsi ulipodi. Sefayo tsopano ndimaiona pafupipafupi nyengo yotentha, osadikira tsiku la sevisi.

Chomwe ogulitsa sanatchule n'chakuti mu Disembala 2022 kampani ya 3M, mwini wake wa dzina la Novec, inalengeza kuti isiya kupanga mankhwala a gulu la PFAS (amene ambiri mwa iwo sawonongeka msanga m'chilengedwe), kuphatikizapo Novec 1230, pofika kumapeto kwa 2025. Ena amapanga mankhwala omwewo pa dzina la FK-5-1-12, koma musanasaine funsani kuti silinda ikatha adzadzaza ndani, ndipo zidzatenga masabata angati, poti zonsezi n'zoitanitsa kunja. Ndikanagulanso, inde, koma mayeso a chifani aja ndikanawalembetsa m'pangano kuti azichitika chaka chilichonse.