Msampha wa khola wogwirira amphaka: umagwira bwino, koma sumaliza mkangano ndi aneba

Owotcherera zitsulo pa Kasungu boma, omwe aja amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, amatha kukupangirani msampha wa khola wogwira mphaka wamoyo mukawapatsa miyezo. Amene amaufuna kwambiri ndi oweta nkhunda ndi anapiye omwe atopa ndi mphaka wa aneba wolumpha mpanda usiku. Msamphawu ukapangidwa bwino umagwira osavulaza, ndipo pa misampha yonse imene anthu amatchera amphaka ndi wokhawu umene sungakupezetseni mlandu mukaugwiritsa ntchito moyenera. Komabe ambiri amaugula akuyembekezera kuti uwathetsera vuto lonse, chomwe sungachite.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi kukula kwake. Wabwino amakhala wa masentimita 75 mpaka 80 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu. Owotcherera ena amafupikitsa pofuna kusunga zitsulo, n'kutulutsa kakhola ka masentimita 50. Kameneko musalandire. Mphaka akalowa mchira ndi chiuno zimatsalira pakhomo, chitseko chimamugwera pamsana, ndipo amapulumuka atavulala. Mphaka wotereyu sadzayandikiranso msampha uliwonse.

Waya wake akhale mesh yowotcherera ya mabowo a mamilimita 25. Waya wa nkhuku wofewa uja sayenera pano, chifukwa mphaka wogwidwa amaluma ndi kukanda mpaka waya atapindika, iyenso zikhadabo zitazuka. Musanalipire, lowetsani dzanja lokulunga ndi kansalu m'kati ndi kusisita makona onse. Nsalu ikakola penapake ndiye kuti pali nsonga ya waya imene idzacheke mphuno ya mphaka, choncho auzeni asalaze pomwepo.

Mbali imene misampha yambiri ya kuno imalephera ndi chopondera, kachitsulo kaphanthi kamene mphaka akaponda chitseko chimatsekeka. Chiyenera kukhala cham'kati, pafupifupi masentimita 50 kuchokera pakhomo, ndipo nyambo ikhale kuseri kwake kuti mphaka asaifikire osaponda. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani botolo la madzi la theka la lita pa chopondera. Chitseko chikapanda kugwa, chopondera chalimba kwambiri, ndipo mphaka wochenjera adzadya usipa wanu n'kutuluka. Chikamagwa mukangogwedeza khola pang'ono, ndiye kuti mudzagwira makoswe ndi mphepo basi. Chopondera chikalimba, kawirikawiri vuto limakhala pa kandodo kolumikiza chopondera ndi chitseko, kamene nsonga yake imalowa mozama kwambiri pa kambedza kogwira chitseko. Kuifupikitsa ndi mamilimita awiri kapena atatu kumakonza zinthu.

Zitseko zilipo za mitundu iwiri. China chimatsetsereka kuchokera pamwamba m'timipata ta chitsulo, china chimakhala ndi mahinjesi n'kugwa mopendekeka. Chotsetsereka chimatseka msanga chikakhala chatsopano, koma nthawi ya dzinja timipata tija timachita dzimbiri ndipo chimakakamira pakati. Chimakhalanso cholemera, moti kamwana ka mphaka kotsatira mayi wake kangathe kuphwanyidwa. Cha mahinjesi ndiye chabwino, bola chikhale ndi kampiringidzo kogwera kumbuyo kwake, apo ayi mphaka amachikankha ndi mutu n'kutuluka. Pemphaninso kachitseko kachiwiri kumbuyo kotsekera ndi bauti, koikira nyambo ndi kotulutsira mphaka dzanja lanu lili kutali. Pansi pa chogwirira awotchererepo kalata kakang'ono, chifukwa zikhadabo zimadutsa mu mesh mosavuta mukamanyamula.

Oilo wakuda wa galimoto musapake, fungo lake limathamangitsa mphaka. Pa mahinjesi khulanipo kandulo. Ngati khola lapakidwa penti, lisiyeni panja masiku angapo fungo lithe.

Musanatchere, tsimikizani kaye kuti wakuba ndi mphaka. Apa m'pamene aneba ambiri amadanirana pachabe. Wazani phulusa losefa kuzungulira khola la nkhuku kapena pansi pa khunda madzulo, m'mawa muone mapazi. Phazi la mphaka ndi lozungulira, la zala zinayi, lopanda zizindikiro za zikhadabo popeza amazibisa poyenda. La galu ndi la likongwe limaonetsa zikhadabo. Mphaka amanyamula mwanapiye kapena unda limodzi n'kukadyera pobisika. Mukapeza nkhuku zingapo zafa usiku umodzi zitalumidwa pakhosi, kawirikawiri imakhala nyama yakutchire. Maunda odyedwa pang'ono m'chisa momwemo ndi ntchito ya makoswe, ndipo anapiye osowa masana funsani kwa kabawi ndi khwangwala. Zimachitika kuti mphaka amene akunenedwayo amabwera pakhomopo potsata makoswe omwe akudya gaga.

Kutchera kwake kumafuna kudekha. Masiku awiri kapena atatu oyamba mangirirani chitseko kuti chisagwe, ndipo muziika usipa pang'ono, tsiku loyamba pakhomo, kenako pakati, pomaliza kuseri kwa chopondera. Usipa kapena bonya wonyowetsa pang'ono amanunkhira patali kuposa wouma. Khola likhale pamalo osalala m'mbali mwa khoma kapena mpanda, chifukwa likamagwedezeka mphaka amabwerera. Pansi pake wazani dothi kuti asamve waya kumapazi, pamwamba ndi m'mbali fundikani chiguduli. Tcherani nkhuku zitalowa kale, apo ayi mugwira thadzi lanu lomwe.

Mukatchera musakagone. Pitani mukaone pakatha ola lililonse, ndipo tulo tikakupezani mangiriraninso chitseko. Nthawi ya mvula linthumbu lingathe kupeza mphaka wotsekeredwa n'kumuzunza usiku wonse, pamene mu Okutobala dzuwa la m'mawa lokha limakwanira kupha nyama yokhala m'khola lachitsulo lopanda madzi. Akagwidwa, fundikani khola lonse ndi chiguduli, amakhala bata mu mdima, kenako muike pamthunzi. Suzumirani kumimba: ngati mabere atupa ndipo ubweya wozungulira wathothoka, ndi woyamwitsa, ndipo ana ake ali penapake akudikira. Ameneyo mutulutseni nthawi yomweyo.

Tsopano za malamulo, zomwe wowotcherera sangakuuzeni. Mphaka woweta ndi katundu wa mwini wake ngakhale atalowa pabwalo panu. Malamulo a milandu a dziko lino amati kupha kapena kuvulaza mwadala chiweto cha munthu wina ndi mlandu, ndipo lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nkhanza ziweto. Ndiye mlandu umabadwa pa zomwe zachitikira mphakayo ali m'manja mwanu: kumumiza m'chitsime, kumumenya, kumusiya padzuwa, kapena kumusunga mwini wake akufunafuna. Kutchera pabwalo pa eni ake popanda chilolezo ndi vuto linanso palokha. Msampha ukhale pakhomo panu, ndipo mphaka abwerere kwa mwini wake tsiku lomwelo ali bwinobwino.

Za tameki wosakaniza ndi nsomba, zomwe ena amathamangira, n'zoopsa kuposa zonse. Poizoni sasankha. Amapha galu wanu, nkhuku, akhwangwala odya mtembo, ndipo mwana wokwawa angathe kutola nyamboyo. Misampha ya waya wokola pakhosi ndi yachitsulo yoswa mwendo nayonso ndi nkhanza zoonekeratu, zopanda pozembera.

A m'midzi yoyandikana ndi Kasungu National Park asamale kwambiri, chifukwa usipa umakopanso vumbwe, njuzi ndi tinyama tina ta kutchire. Vumbwe amafanana kwambiri ndi mphaka wa pakhomo, koma ali ndi miyendo yaitali, kuseri kwa makutu kofiirira ndi mizere yakuda yozungulira kumchira. Nyama zakutchire zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017. Ikalowa yotere musaiphe, musaisunge, musaigulitse. Dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Njira imene imathandiza ndi kuyamba ndi pakamwa msampha usanafike pakhomo. Pitani kwa aneba masana, mukhale pansi, munene mwaulemu: "Pepani bambo, maunda akutha kwathu ndipo ndikuganizira mphaka. Nditchera khola losavulaza, akagwidwa wanu ndibwera naye." Mwini mphaka amene wauzidwiratu savuta ngati amene wangomva kwa ana kuti pusi wake ali m'khola kwa uje. Akagwidwa jambulani ndi foni khola lili pamalo pomwepo, itanani munthu mmodzi wamkulu achitire umboni, kenako mumupereke. Mukalephera kumvana za kulipa zomwe zinadyedwa, nkhaniyo ndi ya kwa amfumu, ndipo ikakanika kumeneko pali bwalo la majisitireti. Kumbukirani kuti kugwira mphaka pabwalo panu kukungosonyeza kuti amabwera, osati kuti ndiye anadya. Mapazi a paphulusa ndi nthenga zomwe zapezeka komwe amagona ndi zimene zimalimbitsa nkhani.

Chinanso, chifukwa amphaka oyenda usiku amabwera ndi manong'onong'o: musayerekeze kunena kuti mphakayo ndi wotumidwa. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mungapite kwa amfumu ngati wodandaula n'kubwerako muli wolakwa.

Kukataya mphaka kutali, monga kumunyamula pa njinga mpaka ku Chitete kapena m'mbali mwa msewu wa M1, sikuthandiza. Ngati ali ndi mwini, mwasowetsa katundu wa munthu. Amphaka ena amabwerera okha, ndipo akapanda kubwerera malo ake amalowa wina malinga chakudya chikadalipo. Mphaka wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63 mpaka 65, angathe kubereka kawiri kapena katatu pachaka, ndipo ana ake aakazi amayamba kutenga bere asanakwane ndi chaka chomwe. Msampha umodzi sungapikisane ndi kuswana kotereku. Pamene kholali limathandiza kwenikweni ndi potengera mphaka wosagwirika kwa a zaziweto kuti akabayidwe katemera wa chiwewe, kapena akathenedwe. Yambirani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo ku Lilongwe bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA limachita maopaleshoni oletsa kubereka. Mphaka wothena amachepetsa kuyendayenda ndi kulira usiku, koma kusaka saleka.

Pogwira ntchito yonseyi musalowetse dzanja m'khola. Mphaka akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Mphakayo asaphedwe kapena kutayidwa, a zaziweto amafuna kumuyang'anira masiku 10 kuti aone ngati ali ndi chiwewe. Matendawa akayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sachizika.

Kodi n'koyenera kugula? Kwa munthu mmodzi wokhala ndi khunda limodzi, ayi. Mudzaugwiritsa ntchito kawiri kapena katatu kenako udzangochita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Ndi bwino mabanja angapo asonkherane, msampha uzisungidwa kwa amfumu kapena ku kalabu ya alimi, wobwereka aziuzidwa malamulo ake. Ndalama yanuyanu ipite pa kutchinga. Khola la anapiye likhale ndi mesh ya mabowo a mamilimita 13 mbali zonse ndi pamwamba pomwe, chifukwa pa mabowo a 25 mphaka amalowetsa mkono n'kukoka mwanapiye wogona m'mphepete. Mesh ilowe pansi masentimita 30 kuti agalu ndi makoswe asakumbe. Khunda likwezedwe mamita awiri, mzati uliwonse ukulungidwe ndi lata losalala la masentimita 60 kuti zikhadabo ziziterereka, ndipo likhale kutali ndi mtengo, mpanda kapena denga la bafa ndi mamita awiri kapena kuposa, poti mphaka amalumpha kuchokera pamwamba. Madzulo chotsani gaga ndi madeya otsala, ndipo mitu ya nsomba musatayire kudzala la pafupi ndi khola.