Kaofesi ka akauntanti ku Kamwala komwe ndimapititsa za msonkho

Kwa amalonda anzanga amene mtima umagunda mukaona meseji ya ba ZRA otolera msonkho, pali kaofesi kena ku Kamwala mu Lusaka kuseri kwa mashopu a zitenje, muli amayi ena akauntanti ndi mnyamata wowathandiza, makompyuta awiri basi. Osayembekezera zapamwamba, mpando wa alendo umagwedera.

Chimene ndawakondera nchakuti sanama manambala. Wina akabwera kuti amulembere zogulitsa zochepa amamubweza, amati katundu analowa pa boda ya Nakonde kapena Chirundu ndi TPIN yako, nambala yako ya msonkho, zili kale mu kompyuta ya ZRA, ndiye ukanena kuti mwezi onse wagulitsa tochepa katunduyo wapita kuti? Manambala akasiyana chonchi mpamene audit imabwera, ba ZRA kudzafufuza mabuku ako. Ndiye mwezi uliwonse amafuna sitetimenti ya banki, ya Airtel Money ndi MoMo, ndi buku langa la zogulitsa, amaziyala pa tebulo nkumafananiza mzere ndi mzere mpaka zigwirizane, ndalama imene yalowa koma siyamalonda, monga ya chilimba kapena yomwe wachibale watumiza ya maliro, amailemba payokha ndi chifukwa chake. Anandiuzanso kuti nambala ya mobile money ya shopu ikhale ya shopu chabe, za pakhomo zizidutsa kwina.

Turnover tax, msonkho wa pa zogulitsa za mwezi, amaitumiza pa TaxOnline, webusaiti ya ZRA, lisanakwane pa 14 mwezi wotsatira, ngakhale mwezi omwe shopu inali yotseka amatumizabe nil return yonena kuti sunagulitse kanthu, chifukwa kungokhala chete kumabweretsa penoti. Kwa olembetsa VAT ija ya 16% amathandiza Smart Invoice, njira ya ZRA yotulutsira ma invoice pa kompyuta yomwe inayamba mu 2024, ine sindinafike kumeneko.

Za marisiti ndiye amavuta heavy. Lamulo limati mapepala asungidwe zaka 6, koma timarisiti ta makina tija timafufutika, miyezi ingapo mu envulopu kangotsala kapepala koyera, ndiye mnyamata uja amatijambula tonse nkusunga mu kompyuta tsiku lomwelo.

Zoipa zilipo. Kuyambira pa 10 mpaka pa 14 anthu amadzaza mpaka pakhonde, WhatsApp sayankha, magetsi akapita mumangokhala poti alibe jenereta, malo oimika galimoto iwalani. Mtengo siwotsika kwa wa kantemba, ndipo sakulonjezani kuti audit sizabwera, amangoti ikabwera faelo yanu ikhala yokonzeka. Pitani kumayambiriro kwa mwezi, m'mawa, mutanyamula masitetimenti onse.