Countdown ya masana kapena ya anthabwala?

Ambiri okhala ku Britain amakumbukirabe Countdown, pulogalamu ya mpikisano wa mawu ndi masamu, ya m'masiku a malemu Richard Whiteley, yemwe anaiyendetsa pa kanema wa Channel 4 kuyambira 1982 mpaka 2005. Lero pa kanemayu pali mapulogalamu awiri oti musankhepo.

Countdown yeniyeni ikadalipo masana, Lolemba mpaka Lachisanu. Opikisana amapatsidwa zilembo 9 ndi masekondi 30 oti apange mawu aatali kuposa a mnzawo, kenako masamu. Inayo, 8 Out of 10 Cats Does Countdown, inayamba mu 2012 ndipo amaitsogolera ndi Jimmy Carr. Susie Dent, woona za mawu, ndi Rachel Riley, woona za masamu, amapezeka konsekonse.

Nthawi: yoyambayo ndi ya masana, inayo ya usiku.

Mpikisano: ya masana ndi ya anthu wamba okonzekera ndithu. Ya usiku ndi ya anthabwala, ndipo ena masamuwo amangowaseka basi.

Ana: ya masana mutha kuonera banja lonse. Ya usiku imatukwana, musaitsegule apongozi ali pomwepo.

Ofuna kunola Chingerezi ndi masamu, tengani cholembera muonere ya masana, ndiyo ine ndimaikonda. Ofuna kungoseka mutaweruka kuntchito, ya Jimmy Carr ikukwanirani.