R, Stata, Python ndi SPSS pa makompyuta atatu: mmene zandiyendera chiyambire dzinja lapita

Ntchito yanga kuno ku Thyolo ndi yosanthula manambala a alimi ang'onoang'ono a tiyi: makilogalamu omwe athyola, feteleza amene athira, mvula ya mwezi ndi mwezi. Zonsezi zimabwera pa mafoni kudzera pa KoboToolbox, pulogalamu yotolera deta. Mu ofesi muli kompyuta ya Windows, ine ndimanyamula kalaputopu kakale ka Ubuntu, ndipo abwana ali ndi Mac. Pa mapulogalamu anayi osanthulira manambalawa, R, Stata, Python ndi SPSS, ndinkafuna yoti zimene ndalemba pa kompyuta imodzi zikayendenso pa inzake popanda kuyambiranso.

SPSS ndinaisiya msanga. Ndi yabwino kwa wongoyamba kumene, koma ambiri timangodinadina, ndiye pakatha miyezi sukumbukanso kuti tebulo lija unalipeza bwanji. Komanso laisensi yake ndi yogula ndi ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani ya madola imayamba yakhala pa tebulo la abwana.

Stata ndimailemekeza. Do-file (fayilo ya malamulo a Stata) yomwe ndalemba pa Windows imayenda chimodzimodzi pa Mac, ndipo pa kafukufuku wa m'makomo ngati IHS5 ya 2019-2020 ya a National Statistical Office, lamulo la svyset limakonza za kulemera kwa sampulo mu mzere umodzi. Koma nayonso ndi yogula.

Imene ndakhazikika nayo ndi R. Ndi yaulere, ndipo pakeji (pulogalamu yowonjezera) ya haven imatsegula mafayilo a .dta (a Stata) ndi .sav (a SPSS), choncho anzathu a Stata ndi SPSS sindiyambana nawo. Koma musamve za anthu kuti R ndi imodzimodzi paliponse. Pa Windows ndi Mac, mapakeji a ku CRAN, nkhokwe ya mapakeji a R, amabwera ophikaphika. Pa Linux, monga Ubuntu yanga, amabwera aawisi, kompyuta iyenera kuwamanga yokha. Kuika gulu la mapakeji la tidyverse pa kalaputopu kanga kunali kudikira fani ikulira, batire likutsika, magetsi atathima, kenako uthenga woti pakusowa kapulogalamu kena kotchedwa libcurl. Ndinapumula nditadziwa kuti nkhokwe ina yotchedwa Posit Package Manager ili ndi mapakeji omangamanga kale a Ubuntu.

China ndi chilembo cha ŵ. Mayina a alimi ena komanso mawu oti Malaŵi ankatuluka ngati zizindikiro zachilendo fayilo ikachoka pa Ubuntu kupita pa Windows, ndiye mlimi mmodzi ankawerengedwa ngati anthu awiri. Kuyambira R 4.2 ya 2022, R ya pa Windows nayo imagwiritsa ntchito UTF-8, njira yosungira zilembo yomwe Ubuntu imagwiritsanso ntchito, bola Windows yakeyo ikhale yatsopanoko. Ngati muli ndi R yakale, sinthani. Ndipo polemba malo a fayilo gwiritsani ntchito / osati \, imayenda konsekonse.

Python anandikopa nayo ndi mnyamata wa ku MUST amene anadzaphunzira ntchito kwathu. Pokoka deta ku seva usiku ndi kuiyeretsa ndi pakeji ya Python ya pandas, ndamusiyira ndipo ikugwira bwino. Koma poyerekeza zokolola za minda yosiyanasiyana kwa zaka zingapo ndimabwerera ku pakeji ya lme4 ya R.

Chenjezo kwa a makompyuta ofooka: R ndi pandas zimakweza deta yonse mu RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito). Pa 4GB, tsekani kaye Chrome musanatsegule fayilo yaikulu.