Batire ikamafa usiku uliwonse: mita, makina a diagnosis, kapena kungosintha masipeya?

Galimoto yakale ikayamba kukana kulira m'mawa, ambiri timathamangira batire yatsopano. Pakangopita masiku ochepa nayonso yafooka, tabwereranso kukankha. Kusintha masipeya mongoganizira ndiko kumadya ndalama zambiri, chifukwa wogulitsa salandiranso chipangizo chamagetsi chomwe mwamangirira kale.

Makina a diagnosis anthu amawakhulupirira mopitirira. Amawerenga zomwe kompyuta ya galimoto yasunga, basi. Ngati nyali ya check engine yayaka, kapena injini ikutsamwa, amathandiza ndithu kuloza sensa yomwe yavuta. Koma waya wa earth (wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto) wochita dzimbiri, kapena wailesi yomwe wina analumikiza molakwika n'kumakoka moto usiku wonse, makinawo sangakuuzeni. Komanso ma Toyota ena akale omwe anapangidwira msika wa ku Japan salankhulana n'komwe ndi timakina totchipa ta diagnosis totchedwa ELM327, ngakhale pulagi yake ya mapini 16 ikulowa bwinobwino.

Ine ndimayamba ndi mita, multimeter wamba yoyezera magetsi, yomwe mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi wa batire. Injini ili yozima, batire yodzaza imaonetsa 12.6V, ikatsika pansi pa 12.2V yatsala ndi moto wosakwana theka. Lizani injini muyezenso. Muyenera kuona pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ikakhalabe pa 12, alitaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, koma onani kaye lamba ngati sanakhwepe. Ikadutsa 15V, regulator, kachipangizo koletsa magetsi a alitaneta kupitirira muyezo, yafa ndipo ikuwiritsa batire yanu.

Zonsezo zikakhala bwino koma batire ikufabe, pali chomwe chikuba moto. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, chotsani waya wa negative, ikani mita pa 10A pakati pa wayayo ndi batire. Dikirani kompyuta igone. Galimoto yabwino simakoka kupitirira 50mA, kutanthauza 0.05A pa mitayo. Ikapitirira, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Fyuzi imeneyo ndiyo yakusonyezani mzere wovuta. Mafyuzi onse akatha nambala osasintha, kayikirani ma diode a mu alitaneta, tizipangizo toletsa moto kubwerera m'mbuyo. Musalize injini mita ili chomwecho, mupsereza fyuzi ya mitayo.

Amakanika ena amayesabe alitaneta pochotsa waya wa batire injini ikulira. Akakuuzani zimenezo, akanizeni mwaulemu. Magetsi amalumpha mwadzidzidzi, ndipo kompyuta ya injini ikapsa mudzalipira zoposa alitaneta yomwe mumayesayo.

Nanga mukapeza kuti ndi alitaneta? Nthawi zambiri omwe atha ndi ma brush (timakala tokhudza mbali yozungulira ya alitaneta) kapena regulator, ndipo wodziwa zamagetsi amasintha tsiku lomwelo pa ndalama yochepa. Ngati ili ya kampani ya Denso yomwe inabwera ndi galimotoyo, ndimasankha kukonzetsa. Yakale yochotsedwa pa galimoto ina, ngati zomwe zimapezeka ku Ndirande, ndi mwayi chabe: simudziwa kuti ma brush ake atsala motani, choncho uzani wogulitsa kuti mulipira mukayeza ndi mita itamangidwa. Yatsopano yopanda dzina imakopa ndi mtengo, koma ine sindiyiika patsogolo pa Denso yokonzedwa bwino. Pokhapokha ngati makoilo apsa komanso mabering'i akulira, pamenepo kukonzetsa kumayandikira mtengo wogula ina, ndiye ingogulani.