HO, OO kapena N: yankho langa kwa ofuna kuyala njanji za tisitima m'nyumba

Chiyambireni kuyala njanji za tisitima pathabwa m'chipinda changa, anzanga obwera kudzacheza amaima kaye n'kumaonerera kasitima kakutuluka m'ngalande ya pansi pa phiri la pepala, ndipo pochoka funso lawo limakhala lomwelomwelo: munthu woyamba kumene agule muyeso uti? Ndayankha pakamwa mpaka kutopa, choncho ndaona kuti ndilembe kamodzi kokha. Za miyeso ikuluikulu ya O ndi G sindikambapo chifukwa zimafuna chipinda chonse kapena bwalo la panja, ndiponso Z, imene kampani ya Märklin inatulutsa mu 1972 pa muyeso wa 1:220, ndi yaing'ono moti kachitsulo kake kakagwa pansi mungokaiwala. Kwa ambiri a ife, kusankha kuli pakati pa HO, OO ndi N.

Manambala ake ndi odziwika ndipo sindichedwapo. HO ndi 1:87 (kutanthauza kuti kasitima n'kochepa maulendo 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni) pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5, N ndi 1:160 pa mamilimita 9, pamene OO ndi 1:76 koma imayenda pa mamilimita 16.5 omwewo a HO. Munthu wamtali mamita 1.75 amasanduka kachidole ka mamilimita 20 mu HO, ka 23 mu OO, ndi ka 11 mu N. Nambala imene inandipweteka ndi 16.5 imeneyo, chifukwa ndinkaganiza kuti chilichonse chokwanira pa njanji yanga chidzayendanso pa njanji yangayo.

Nditangomaliza kuyala bwalo langa loyamba la HO, ndinaona pa intaneti mutu wa sitima ya malasha wogwiritsidwapo kale ntchito, wakuda, wa magudumu ofiira ngati mmene mitu ya ku Germany inkakhalira. Wogulitsayo, amene dzina lake ndilisunga, analemba kuti ndi HO ndiponso kuti umayenda bwino, ndipo zithunzi zake zonse zinali zojambula cham'mbali. Phukusi litafika ndinauika panjanji, magudumu n'kukhala bwinobwino, koma nditangopotokola batani la magetsi panamveka kuti thee, kanyali kofiira ka pachowongolera n'kuyaka, ndipo kasitima kena kamene kanaima pasiteshoni kanazima magetsi. Ndinachotsa mutuwo, zonse n'kubwerera mwakale. Ndinaubwezeranso, n'kuchitanso shoti. Madzulo onse ndinakhalira kufufuza mawaya a pansi pa thabwa poganiza kuti ndinalumikiza molakwika ndine, mpaka pamene ndinautembenuza chagada n'kuona kachitsulo kakatali, kosalala ngati kasupuni kophwathalala, kali pakati pa magudumu.

Kachitsulo kameneko ndi chizindikiro cha HO ya njanji zitatu, imene Märklin ya ku Göppingen imadziwika nayo. Pa dongosolo limeneli magetsi amabwera kudzera pa timitu tachitsulo totuluka pakati pa mitanda ya njanji, timene timagwira ntchito ngati njanji yachitatu, kachitsulo kaja n'kumatsetsereka pamwamba pake, ndipo njanji ziwiri za m'mbali zonse zimabweza magetsi mbali imodzi. Pa chifukwa chimenechi magudumu a kumanja ndi a kumanzere amalumikizana mwachindunji kudzera pa ekiselo. Pa HO ya njanji ziwiri, ngati yanga, njanji ina imanyamula magetsi opita pamene inayo imanyamula obwerera, choncho magudumu ayenera kukhala olekanitsidwa ndi kapulasitiki, apo ayi ekiselo imasanduka waya wolumikiza njanji ziwirizo. Mutu wanga unkachita zimenezo basi. Kuwonjezera apo, unali wa mtundu wakale woyendera magetsi a AC, umene umasintha kolowera ukalandira mphamvu yokwera mwadzidzidzi kuchokera ku thiransifoma yake, chinthu chimene chowongolera changa cha DC sichingachite.

Wogulitsa uja nditamulembera anayankha mwaulemu kuti sananame, popeza mutuwo ndi wa HO ndithu ndipo kwa iye unkayenda. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Katswiri wina amene ndinamuonetsa anawerengera zofunika kuti mutuwo uyende kwanga: kusintha magudumu onse, kuchotsa kachitsulo kaja, kuika timawaya totenga magetsi kumagudumu, ndi kukonza mota yake. Mtengo wa zonsezi unaposa umene ndinagulira mutuwo. Ngakhale mabogi wamba a njanji zitatu amachita shoti yomweyo mpaka mutawasintha magudumu, ndipo ogulitsa zinthu zakale ambiri salemba zimenezi, ena posadziwa, ena mwina podziwa.

Kuti ndisakhale wokondera, HO ya njanji zitatu ili ndi ubwino umene eni ake amaunyadira. Njanji ikazungulira n'kubwerera pamene inachokera kuti sitima itembenuke, ife a njanji ziwiri timayenera kudula njanjiyo pawiri ndi kuika kachipangizo kosinthira magetsi, pamene iwo amangolumikiza n'kuyendetsa. Kampaniyo ilibe mlandu pa tsoka langa, ndipo imagulitsanso zofanana nazo za njanji ziwiri pansi pa dzina la Trix. Koma ine timitu tija ta pakati pa mitanda ndikationa mtima umandikumbutsa madzulo aja, ndipo sindingalimbikitse munthu woyamba kulowa m'dongosolo limene limamuchepetsera kogula. Pa njanji ziwiri, mitu ya makampani osiyanasiyana monga Roco, Piko, Atlas ndi Athearn yonse imatha kuyenda pathabwa limodzi.

OO nayo ili ndi msampha wake pa mamilimita 16.5 omwewo, ngakhale kuti wake suzimitsa magetsi. Sitima za ku Britain n'zazing'ono poziyerekeza ndi za ku Ulaya kwina kapena ku America, chifukwa milatho ndi ngalande zake zinamangidwa kale kwambiri ndipo n'zothina. Opanga tisitima a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ankavutika kulowetsa mota za nthawi imeneyo m'timitu ta 1:87, ndiye anakulitsa thupi kufika pa mamilimita 4 pa futi iliyonse ya sitima yeniyeni (ndiyo 1:76 ija) koma njanji n'kuisiya momwemo, ndipo tisitima ta Hornby Dublo titatuluka mu 1938 chizolowezicho chinakhazikika. Zotsatira zake n'zakuti sitima ya OO imaima pa njanji yopapatiza kuposa mmene iyenera kukhalira. Njanji yeniyeni ya mamilimita 1435 ikachepetsedwa pa muyeso umenewu imayenera kukhala 18.83, n'chifukwa chake okonda kulondola anayambitsa njanji zotakasukirapo, EM ya mamilimita 18.2 ndi P4 ya 18.83, kumene munthu amasintha magudumu ndipo nthawi zambiri amamanga yekha njanji. Mukayang'ana mutu wa OO chakutsogolo mumaona ngati munthu wa mapewa aakulu amene waphatikiza miyendo.

Ena amagulitsa katundu atalemba kuti HO/OO ngati ndi chinthu chimodzi. Pa njanji zokha n'zoona, koma bogi ya OO mukaikoka pambuyo pa mutu wa HO wa ku Ulaya imaoneka yonenepa, zitseko zake zimatalika kuposa tianthu ta pasiteshoni, ndipo zokowera zake zazikulu zija sizigwirana ndi za HO pokhapokha mutazisintha. Komabe amene mtima wake uli pa mitu yotchuka ya ku Britain monga Flying Scotsman, kapena pa Mallard imene inathamanga makilomita 203 pa ola mu 1938, asavutike n'kufunsa, chifukwa sitima za ku Britain zambiri zimapezeka mu OO, kwa Hornby, Bachmann ndi Dapol, ndipo mu HO n'zosowa kwambiri.

N imapambana pa nkhani ya malo, ndipo apa palibe mkangano. Bogi yonyamula anthu ya ku Ulaya yotalika mamita 26.4 imakhala mamilimita 303 mu HO koma 165 okha mu N, kutanthauza kuti sitima ya mabogi 10 imadya mamita opitirira atatu mu HO mutu usanawerengedwe. Pokhota pa HO pamafuna thabwa la pafupifupi mita imodzi m'lifupi kuti njanji izungulire, ndipo mabogi aatali amaoneka oipa pa khona lothina chotero, pamene N imazungulira pa thabwa la masentimita 60 kapena 70, laling'ono ngati chitseko. Amene amafuna kuona sitima yaitali ikukwawa m'mbali mwa phiri, kuwoloka mlatho n'kukasowa patali, N ndiyo yake. Muyeso umenewu unafalitsidwa ndi kampani ya Arnold ya ku Nuremberg kuyambira mu 1962, ndipo lero njanji za Unitrack za Kato ya ku Japan, zobwera ndi miyala yake youmbidwa kale, ndi zina mwa zosavuta kuyala. Dziwani chabe kuti N nayonso si imodzi: ya ku Britain ndi 1:148, ya sitima wamba za ku Japan ndi 1:150, ngakhale zonse zimayenda pa mamilimita 9.

Chimene chinandibweza ku N ndi fumbi ndi maso. Ndinayendetsapo ya mnzanga kwa masabata angapo, ndipo mutu wake, pokhala wopepuka komanso wa timagudumu tating'ono, unkaima pa mphambano ya njanji ndikangodumphitsa masiku ochepa osapukuta. Kubwezera bogi panjanji ikaphonyoka kunkafuna kuvala magalasi ndi kupuma pang'onopang'ono. Wachinyamata wa maso akuthwa angaseke zimenezi, koma ntchito imeneyi munthu amakalamba nayo.

Mtengo wobisika umene umaluma miyeso yonse itatu uli pa mawu awiri a pabokosi. DCC ndi njira yoyendetsera mitu ingapo pa njanji imodzi, uliwonse paliwiro lake, imene inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany ndipo bungwe la NMRA la ku America linaisandutsa muyezo wa onse m'zaka za m'ma 1990. Bokosi lolembedwa DCC ready silitanthauza kuti mutuwo uli ndi decoder, kachipangizo kolandira malamulo a DCC, koma kuti uli ndi soketi yoikamo decoder imene mudzagule padera, ndipo ya phokoso la injini ndi wezulo imakwera mtengo kwambiri. Soketizo n'zosiyanasiyana, za mapini 8 kapena 21 mu HO ndi OO, za mapini 6 kapena Next18 mu N, choncho muyenera kudziwa yanu musanaitanitse. Mu HO ndi OO muli malo okwanira decoder ndi sipika, pamene mu N zonse zimapanikizana. Decoder iliyonse yatsopano imabwera ndi adiresi 3, nambala imene chowongolera chimaitanira mutuwo, ndipo mukaiwala kusintha mudzaona mitu iwiri ikunyamuka limodzi ngati yapangana.

Za kukongola kwa tinyumba, timagalimoto ndi tianthu, HO ili ndi zambiri kuposa inzake, ndipo si mwangozi kuti Miniatur Wunderland ya ku Hamburg, nyumba yaikulu yoonetserako tisitima imene inatsegulidwa mu 2001, inasankha 1:87.

Choncho anzanga ndimawauza kuti ngati ali ndi malo a thabwa la mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali, atenge HO ya njanji ziwiri. Ngati malo awo ndi shelefu kapena tebulo limene amadyerapo, atenge N ndipo agule nsalu yopukutira njanji tsiku lomwelo. OO ndimaisiyira okonda sitima za ku Britain, ndipo ndikuvomera kuti miyendo yake yophatikiza ija sindinaizolowere. Mutu wakuda uja sindinaukonzetse, uli pa kanjanji kosalumikiza magetsi kuseri kwa shedi ya injini ngati wodikira kukonzedwa, ndipo masiku ano wogulitsa aliyense ndimayamba ndamupempha chithunzi cha kunsi kwa magudumu ndisanafunse mtengo.