Ndemanga: Ulendo wokaona bakha wa Maccoa ku dambo la Marievale

Kampani imene inatitenga imalengeza ulendowu ngati "tsiku la abakha osowa". Tsikulo ndinasangalala nalo, koma chimene chinandisangalatsa ndi luso la munthu amene anatitsogolera. Dongosolo la kampaniyo lili ndi zofunika kukonza.

Marievale ili kufupi ndi tauni ya Nigel, kum'mwera chakum'mawa kwa Johannesburg, ndipo ndi gawo la dambo la Blesbokspruit, lomwe linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 1986. Msewu wafumbi umadutsa pakati pa bango, ndipo apa ndi apo pali timanyumba tamatabwa tobisalamo, tokhala ndi mawindo aatali opyapyala oyang'ana kumadzi. Tinafika dzuwa likungotuluka, nkhungu ikadali pamwamba pa madzi. Abakha wamba anali mbwee: a milomo yachikasu, a milomo yofiira, ndi aja a nkhope zoyera amene amalira ngati mluzu. Koma ife tinkafuna Maccoa.

Bakha ameneyu mu 2021 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linamuika m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yoti zitha. Wotitsogolera, bambo wachikulire wosalankhula zambiri, anatiuza kuti tisatayire nthawi kumagulu a abakha osambira pamwamba. Maccoa amadya pansi pa madzi, akutola mphutsi za tizilombo m'matope, choncho tiyang'ane kumene madzi ali akuya ndiponso kanthu kamene kamamira n'kuvuuka patali pang'ono. Tinadikira nthawi yaitali ndithu, ena mpaka anayamba kutsegula mafoni. Kenako bamboyo anangoti, "Bwerani, muyang'ane apa," n'kutisiyira telesikopu.

Anali wamphongo. Mutu wakuda bii, thupi lofiirira, ndipo mlomo wake wabuluu wowala moti munthu ungaganize kuti wina waupaka penti. Thupi lake linali lotitimira m'madzi, chipsepse cholimbacho atachiimika njo. Amangoonekera kamphindi, n'kulowa pansi popanda ngakhale kuwaza madzi, kenako n'kutulukira kwina, timadontho tikutsetsereka pamsana. Bamboyo anatisonyezanso wamkazi chapafupi, wotuwa, wokhala ndi mzere woyera pansi pa diso. Ndekha ndikanamudutsa osadziwa kuti ndi mtundu womwewo. Anationjezera kuti nyengo yoswana ikatha, wamphongo naye amatuwa n'kufanana ndi wamkazi, kotero amene akufuna kuona mlomo wabuluu uja apite m'miyezi yotentha.

Chimene ndinayamikira kwambiri n'chakuti sanatibisire mavuto a damboli. Madzi opopedwa m'migodi ya golide ndi madzi onyansa ochokera m'matauni akhala akulowa mu Blesbokspruit kwa zaka zambiri, ndipo mu 1996 damboli linaikidwa pa Montreux Record, ndandanda wa madambo a Ramsar amene akuwonongeka. Madzi otere amanenepetsa bango, bangolo n'kumadya malo amene anali madzi okhaokha. Ndipo popeza Maccoa amadya za m'matope, poizoni amene amadikha pansi amamupeza msanga kuposa abakha odya pamwamba. Nditamva zimenezi ndinamuyang'ananso bakha uja mtima ukuwawa.

Tsopano zodandaula. Gulu linali lalikulu kuposa kanyumba kobisalamo, ndipo telesikopu inali imodzi. Ndi mbalame yomira chonchi, nthawi yako ikafika umapeza madzi okhaokha. Mayi wina wachikulire anatsala pang'ono kubwerera osamuona, zikanapanda kuti bamboyo anaumirira kuti tikhalebe ngakhale dalaivala ankaloza wotchi. Ma binoculars obwereketsa ena anali osokonekera, diso lina likuona bwino lina chimbuuzi. Chikalata cha kampani chimatchulanso bakha wa msana woyera, uja wokonda kubisala pakati pa maluwa a m'madzi, ngati kuti munthu amuona basi. Sitinamuone, ndipo sindikuwaimba mlandu pa zimenezo chifukwa mbalame siipangana ndi munthu. Mlandu wawo ndi wolonjeza zimene sangathe kukwaniritsa.

Ngati mukufuna kupita, funsani kaye kuti gulu lidzakhala la anthu angati ndipo matelesikopu ndi angati. Tengani ma binoculars anu, chovala chofunda cha m'mawa, ndi zovala zamtundu wosawala. Ana aang'ono angatope ndi kudikira m'kanyumbamo. Ine ndingapitenso, koma ndi wotitsogolera yemwe uja ndi kagulu kochepa, ndipo ndikapempha kuti tikhale m'kanyumba kamodzi m'mawa wonse m'malo mothamanga kuti tione timanyumba tonse.